Cities: Skylines, gemu yomwe yandiphunzitsa za malo a mafakitale

Amene mumakonda kukambirana za mapulani a mizinda, gemu ya pa kompyuta yomanga mzinda iyi muyiyeseko. Inatuluka mu 2015, anapanga ndi a kampani ya Colossal Order, ndipo iweyo ndiwe meya, umagawa malo wekha: obiriwira ndi a nyumba, a buluu ndi a mashopu, achikasu ndi a mafakitale.

Pa chikasupo mpamene pali nkhani. Ukaika mafakitale pafupi ndi nyumba poti anthu asamavutike popita kuntchito, nthaka imayamba kuda, anthu kudwala, ma ambulansi ali piringupiringu, koma ukawakankhira kutali kwambiri opanda msewu wabwino malole amangopanikizana pa mphambano imodzi, katundu safika mmashopu, misonkho nkutsika. Zimakukakamiza kuganiza za njanji ya katundu, doko, ndi msewu wa malole okhaokha. Palinso lamulo loletsa magalimoto olemera kudutsa mmadera okhala anthu, ine limandisangalatsa heve.

China chomwe anachiganizira bwino, anthu akaphunzira kwambiri sakonda ntchito za mfakitale, nyumba za mafakitale zikasowa antchito zimasanduka mabwinja, ndiye umayenera kutsegula malo a maofesi mmalo mwake.

Pomwe yaperewera mpakuti malo umangowatenga, palibe mwini wake woti ukambirane naye, palibe chipukuta misozi, pomwe mmizinda yeniyeni mpamene pamavuta zinthu. Komanso mzinda ukakula imafuna kompyuta yamphamvu ndithu. Ngati mungathe tenganinso Industries, chowonjezera cha gemuyi cha mu 2018, chimakulola kuyendetsa katundu kuchokera ku mgodi kapena kumunda mpaka kufakitale.