Miyezi 15 ndi galimoto ya dizilo ku Mulanje: zimene kabuku kanga ka mafuta kakuonetsa

Chaka chatha mu Epulo, galimoto yanga ya dizilo itangotha mwezi umodzi pakhomo, ndinalemba kuti ndapeza galimoto yosamwa mafuta. Ndinafotokoza kuti kuchokera ku Songwe mpaka kuno ku Mulanje ndinangowonjezera mafuta kamodzi ku Lilongwe, ndipo ndinalimbikitsa aliyense wofuna kupulumutsa ndalama kuti aiwale za petulo. Anthu angapo anandiimbira foni kufunsa zambiri, wina mpaka anaitanitsa yake. Anthu amenewa ndili nawo ngongole. Pano galimotoyi yatha miyezi 15, ndayenda nayo makilomita opitirira 14,000, ndipo zimene ndinalemba zija sindingazinenenso.

Ndi galimoto yotalika pang'ono kuchokera pansi, ya mu 2015, ya otomatiki, yokhala ndi turbo. Inachokera ku Japan n'kutsikira pa doko la Dar es Salaam monga zimabwerera galimoto zambiri kuno. Dzina lake ndalisiya dala, chifukwa zimene ndakumana nazo zikhoza kugwera aliyense amene wagula dizilo ya makono ya mtundu uliwonse. Pa mapepala ake panalembedwa kuti imayenda makilomita opitirira 18 pa lita imodzi. Nambala imeneyi ndi imene inandichotsa pa kagalimoto kanga kakale ka petulo.

Kuti mumvetse bwino, ndiyambe ndi mmene ndimayendera. Ndili ndi shopu ya mbewu, feteleza ndi mankhwala a kumunda pa Chitakale, ndipo ndimakhala chapafupi, mumsewu wopita ku Likhubula. M'mawa ndimakasiya ana kusukulu ku Boma n'kubwerera kushopu. Masana mwina ndithamangire kubanki, madzulo ndikatenge ana, basi tsiku latha. Ulendo uliwonse sufika makilomita asanu. Kawiri pamwezi ndimapita ku Limbe kukaoda katundu, nthawi zambiri kudzera msewu wa Midima, koma ndikafuna masamba ndi mbatatesi za pa Bvumbwe ndimazungulira ku Thyolo. Zonse pamodzi zimakwana makilomita pafupifupi 900 pamwezi.

Amene anayamba kuona kuti china chake chalakwika ndi mayi a kunyumba. Iwowa ndi amene amasunga mabuku a shopu. Tsiku lina usiku mu Juni, atayala malisiti patebulo, anapatula a mafuta okha n'kuwasanja pambali pa mbale ya ndiwo.

"Abambo, mwezi uno mwathira kangati?"

Ndinayankha kuti katatu.

"Malisiti ndi asanu awa. Kagalimoto kaja sitinkafika apa."

Ndinatsutsa, chifukwa pa dashibodi galimoto inkalemba kuti ikuyenda makilomita 13 pa lita. Iwo sanalimbane nane. M'mawa mwake anandipatsa kabuku ka ana a sukulu ndi cholembera, akuti tiziona ndi maso. Kuyambira tsiku limenelo ndimathira pa filing'i imodzimodzi, kudzaza mpaka pampu itadula yokha, kenako n'kulemba malita ndi makilomita amene ali pa mita. Ndikadzathiranso ndimagawa makilomita amene ndayenda ndi malita amene alowa. Njira ina yodziwira zoona palibe. Nambala ya pa dashibodi ija imangoyerekeza, ndipo pa yanga imakometsera ndithu.

Kabuku kanaonetsa izi. Masabata amene ndinkangozungulira pakati pa Chitakale ndi Boma, galimoto inkayenda makilomita 9 kapena 9 ndi theka pa lita. Ulendo wa ku Limbe kudzera Midima unkapereka 14, nthawi zina 15 ndikabwerera wopanda katundu wambiri. Kuphatikiza zonse, mwezi unkathera pa makilomita 10 pa lita. Tiwerengere limodzi. Makilomita 900 akufuna malita 90. Mu Novembala 2023, ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu, bungwe loona za mitengo ya mafuta la MERA linaika dizilo pa K2,734 ndipo petulo pa K2,530 pa lita. Pa mtengo wa nthawi imeneyo, malita 90 anali K246,060. Ikanakhala kuti ikuyendadi 18 ya pa mapepala ija, bwenzi ndikuthira malita 50, K136,700. Kusiyana kwake kunkaposa K100,000 mwezi uliwonse. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti kagalimoto ka petulo kaja kankayenda makilomita 12 ndi theka pa maulendo omwewa, kutanthauza malita 72, pafupifupi K182,000. Ndinagulitsa galimoto yotchipa kuyendetsa n'kugula yodula, ndikuganiza kuti ndikupulumutsa.

Poyamba ndinkaganiza kuti mwina pena pakudontha, kapena achinyamata akumapopa usiku. Ndinagona ndi maganizo oipa pa anthu osalakwa, ndipo zimenezi ndimadandaula nazo mpaka pano. Yankho lenileni linabwera ndi chiperoni cha mu Julayi.

Masiku amenewo phiri linali litabisala mu nkhungu sabata yathunthu, kamvula kakuwaza, kuzizira kolowa m'mafupa. Ndinayamba kuona kuti ndikaima pashopu n'kuzimitsa injini, fani imapitiriza kulira kutsogolo, ndipo pansi pa galimoto pamatuluka fungo ngati la chitsulo chopsa. Nthawi zina ndikaima, injini inkamveka yokwera mawu kuposa masiku onse. Kenako pa dashibodi panayaka kanyali kachikasu ka zilembo zitatu, DPF. Ndinapita nayo kwa makaniki wina ku Limbe amene amadziwa za dizilo. Asanalumikize n'komwe kompyuta yake, anatsegula boneti, kusolola kachitsulo koyezera oyilo, kukapukuta, kukabwezera n'kusololanso. Oyilo anali atapitirira chizindikiro cha pamwamba ndi chala chathunthu. Anadontheza pang'ono pachikhatho, kununkhiza, n'kunditambasulira dzanja kuti nanenso ndinunkhize. Linali fungo la dizilo.

"Achimwene, galimoto iyi mumayenda nayo kuti?" anandifunsa.

Nditamufotokozera za sukulu, banki ndi shopu, anapukusa mutu. "Iyi si ya maulendo amenewo. Ikufuna msewu."

Zimene anandiphunzitsa tsiku limenelo ndikanakonda ndikanazimva ndisanatumize ndalama ku Japan. Dizilo za makono zili ndi sefa mu ekisozi, DPF ija, imene imakola mwaye kuti usatuluke ndi utsi. Mwaye ukachuluka, galimoto imauwotcha yokha. Kuti zimenezi zitheke sefayo iyenera kutentha mpaka madigiri pafupifupi 600, ndiye kompyuta ya galimoto imathira dizilo wowonjezera wongotenthetsera ekisozi, osati woyendetsera matayala. Ntchitoyi imafuna kuti galimoto ikhale ikuyenda mosadukiza kwa mphindi 15 kapena 20. Ine ndinkaizimitsa pakatha mphindi zisanu ndi ziwiri. Fani yolira ija ndi fungo lija zinali zizindikiro zoti ndadula ntchito pakati. Mawa lake inkayambiranso, kuthiranso dizilo, ine n'kuzimitsanso. Dizilo wina wosapsa ankatsetsereka m'mbali mwa mapisitoni n'kukasakanikirana ndi oyilo, n'chifukwa chake oyilo ankachuluka m'malo mochepa. Oyilo wotere amakhala wamadzimadzi, sateteza bwino injini.

Palinso china. Injini ya dizilo imachedwa kutentha kusiyana ndi ya petulo, ndipo ikakhala yozizira imamwa kwambiri komanso imapanga mwaye wochuluka. M'mawa wa chiperoni, pofika ku Boma kamuvi ka kutentha kamakhala kasanasunthe n'komwe. Ndiye kuti pafupifupi maulendo anga onse a mkati mwa sabata ndimayenda ndi injini yozizira.

Nanga 18 ija inachokera kuti? Galimoto za ku Japan za zaka zimenezo ankaziyeza ndi njira yotchedwa JC08. Amaiika galimoto pa makina m'nyumba yoyezera, matayala n'kumazungulira pamalo amodzi, eyakoni atazimitsa. Mulibe chitunda, mulibe mabampu, mulibe matumba a feteleza kumbuyo, mulibe njinga za kabaza zoti uzizipewa pa Chitakale tsiku la msika. Ku Japan komweko anadzaisiya njirayi n'kutenga ina ya WLTC, imene imayandikirako ku zenizeni. Nambala ija si yabodza, koma ndi ya m'nyumba yoyezera, si ya msewu wa ku Mulanje. Ndipo ulendo wanga woyamba wochokera ku Songwe, umene unandisangalatsa uja, unali wautali, wa pa tala, injini yotentha tsiku lonse. Ndinaweruza galimoto ndi tsiku lake labwino kwambiri.

Mbali ina ndinalakwitsa ndekha. Sevisi yoyamba ndinachitira pa galaja ina kuno, ndipo anathira oyilo wa dizilo wamba, yemwe amathira m'malole ndi m'mathirakitala a m'maesiteti. Galimoto ya DPF imafuna oyilo wosasiya phulusa lambiri, ku Japan amamulemba kuti DL-1. Phulusa la oyilo wolakwika limakhala m'sefa mpaka kalekale, silipsa ngati mwaye. Oyilo woyenerayo kuno ku Mulanje sindinamupezepo, ndimagula ku Blantyre, ndipo mtengo wake ndi wina. Komanso kumapeto kwa 2024, mafuta atasowa dziko lonse, ndinagonapo pamzere, injini ikulira pang'onopang'ono pamene tikusendera kutsogolo, zimene ndi chakudya chenicheni cha mwaye. Tsiku lina nditasowa pogwira, nthawi ya feteleza makasitomala akudikira, ndinagula malita 20 a m'chigubu kwa mavenda. Patangotha sabata galimoto inayamba kutsamwa pa chitunda, ndipo pochotsa fyuluta ya mafuta tinapezamo madzi ndi zinyalala. Ma injekita a dizilo za makono amagwira ntchito ndi mphamvu yaikulu kwambiri moti kachitsotso kochepa kakhoza kuwawononga. Ndinapulumuka ndi fyuluta yokha. Za m'zigubu ndinasiyira pomwepo.

Ndayesa zambiri kuti zinthu zisinthe. Tinasintha oyilo, tinatsuka valavu ya EGR, yobwezera utsi wina mu injini, imene inali itamatirira mwaye ngati m'kati mwa chumuni, tinaika fyuluta ya mpweya yatsopano chifukwa fumbi la mu Okutobala m'misewu ya m'minda ya tiyi silichedwa kuitseka. Mpweya wa m'matayala ndimayeza Loweruka lililonse. Ndinasiyanso chizolowezi chimene tinatengera kwa akuluakulu choliza galimoto mphindi khumi m'mawa kuti itenthe. Dizilo ya makono imatentha msanga ikamayenda, osati itaima pakhomo. Matumba amene ndinkangoyenda nawo m'buti ndinatsitsa. Ndipo ndikamva fani ija kapena kuona injini yakwera mawu, sindizimitsa, ndimapitirira mpaka ku Nkando n'kubwerera kuti imalize kuwotcha. Zonsezi zakweza nambala kuchoka pa 10 kufika pa 11 pamwezi. Kanyali sikanayakenso kuyambira mu Januwale. Koma ulendo wa ku Nkando nawonso umadya mafuta ndi nthawi imene ndikanakhala pashopu.

Amakaniki awiri osiyana andiuzapo kuti ndingochotsa DPF yonseyo n'kusintha pulogalamu ya kompyuta, akuti ambiri akutero ndipo mafuta amatsikako. Ndaganizirapo nthawi yaitali, ndipo ndakana. Msewu umene ndimadutsa m'mawa umadzaza ana oyenda pansi kupita kusukulu, ndi amayi okhala pansi m'mbali mwa msewu ndi nanazi ndi mapeyala awo, nkhope zawo zili pa msinkhu weniweni wa ekisozi. Mu 2012 nthambi ya bungwe la zaumoyo padziko lonse yoona za khansa inaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Mwaye umene sefa ija ikukola, ndikaichotsa ukathera m'zifuwa za anthu amenewa, ena mwa iwo makasitomala anga. Ndalama ya mafuta ikundiwawa, koma pamenepo sindingafike.

Ndinenenso zabwino zake, poti zilipo. Pa zitunda za ku Thyolo, pochokera ku Luchenza kukwera kulowera ku Boma la Thyolo, imakoka ngati mulibe kanthu ngakhale nditasenza matumba asanu ndi limodzi, ndipo kupitirira lole ya tiyi sikuvuta. Nyengo ya mvula yandifikitsa kwa alimi kumene kagalimoto kakale kakanatitimira. Ulendo umodzi wa ku Lilongwe ku maliro inandipatsa makilomita 16 pa lita, tili anthu asanu. Alamu anga amagwira ntchito ku Blantyre koma amagona ku Luchenza, tsiku lililonse ali pamsewu, ndipo kwa munthu ngati iwo galimoto iyi ingakhale dalitso. Kwa ine wa makilomita anayi, dalitsolo silifika.

Wina aliyense amene akufuna dizilo chifukwa cha zimene ndinalemba chaka chatha, ayambe watenga pepala n'kulemba maulendo ake a sabata imodzi. Ngati ambiri sakwana mphindi 20, agule ya petulo. Ngati waitanitsa kale, afunse ngati ili ndi DPF, apeze oyilo woyenera sevisi yoyamba isanafike, ndipo aziyang'ana kachitsulo ka oyilo sabata iliyonse, osati kuona kuchepa kokha komanso kuchuluka.

Pakadali pano kubanki ndimakwera kabaza, ndipo ana timasinthana ndi aneba, sabata ino ine, sabata yamawa iwo. Tagwirizana ndi mayi a kunyumba kuti malonda a feteleza akadutsa tidzaigulitse kwa munthu wa maulendo aatali, ndipo kabuku kaja tidzamuonetsa tsamba ndi tsamba asanapereke ndalama. Dzulo ndathira malita 41 pa makilomita 452.