Toyota Crown ya 2008–2012: injini ya 2.5 ndi penti wa siliva

Pa ma Crown ochokera ku Japan, tengani ya injini ya malita 2.5 V6, yotchedwa 4GR-FSE. Imapezekanso mu Mark X, choncho masipeya savuta ku Limbe. Ya 3.5 imathamanga, koma pa mdipiti wa magalimoto wa mu Chipembere Highway imangomeza petulo. Vuto la 2.5 ndi mwaye pa mavalavu, chifukwa petulo amalowa mu silinda osawatsuka; ikamanjenjemera m'mawa, kayikirani chimenecho. Suzumiraninso pa water pump, pampu yoyendetsa madzi oziziritsa injini: zouma zapinki m'mbali ndiye kuti ikudontha.

Penti wakuda amakongola tsiku lotsuka lokha. Fumbi la Okutobala ndi mikwasa ya chiguduli zimaonekeratu. Penti woyera wonyezimira (pearl white) amapopera katatu, ndiye chitseko chikagundidwa kufananitsa kumavuta. Siliva amabisa fumbi, ndipo satentha ngati wakuda.