Chikombole cha zipolopolo za 500 grain, ndachigwiritsa ntchito miyezi isanu pa nguluwe

Ndinagula chikombolechi chifukwa ndinatopa ndi kutsata magazi a nguluwe usiku ndi tochi kenako nkubwerera chimanjamanja. Ndi cha aluminiyamu, mabowo awiri, chimatulutsa chipolopolo cha mtovu cholemera 500 grain (grain ndi muyeso wa kulemera kwa zipolopolo) cha mfuti ya .45-70, kumphuno kwake kwafulati kotakata bwino, kumatako kulibe malo a gas check, ka kapu kachitsulo komwe ena amaveka kumatako kwa chipolopolo. Wopanga sindimutchula chifukwa pali tina tomwe ndidandaule pansipa, komanso kapangidwe aka amapanga ambiri.

Nkhani yake ili apa. Ukafuna kuti chipolopolo chisaphulitse phokoso lija la thyaa mumpweya, chiyenera kuthamanga mochepera liwiro la phokoso, lomwe ndi mamita 343 pa sekondi kukakhala kotentha madigiri 20, kapena tinene mafiti 1,125. Ambiri timaima pa 1,050 kuti kukazizira usiku tisadumphe mzere, paja kukazizira liwiro la phokoso limatsikanso. Ndiye liwiro latsekedwa basi, sungawonjezere. Chomwe chatsala mmanja mwako ndi kulemera kwa chipolopolo ndi kaumbidwe ka mphuno yake. Ine poyamba ndinkagwiritsa .300 Blackout ya 220 grain, mfuti yabwino yofatsa, koma pa liwiro lomwelo imapereka mphamvu ya ma foot pound pafupifupi 540 pomwe ichi cha 500 chikupereka kupitirira 1,200. Komanso zosongoka zija zimangolowa ngati singano, nyama imatsekanso bala, magazi osatuluka, nguluwe nkuthawa kukafera kutali komwe sukaipeza. Mphuno yafulati imaboola dzenje lenileni ngati panchi, ndipo imapita molunjika osakhota ikakumana ndi fupa. Amene munasendapo nguluwe yaimuna yokalamba mukudziwa chikopa chija cha paphewa, cholimba ngati tayala, mpeni umachita kubwerera. Ichi chimadutsa pamenepo nkutulukira mbali inayo.

Tsiku loyamba kuumba chinandikwiyitsa kwambiri, ndisaname. Zipolopolo makumi atatu zoyamba zonse makwinya okhaokha ngati nkhope ya gogo, m'mbali mosadzaza, ndinaganiza kuti andigulitsa chinthu chakufa. Kenako ndinazindikira kuti vuto ndi mafuta omwe anasiya mkati popanga, komanso chinali chisanatenthe. Ndinachitsuka ndi sopo wa mbale ndi kamswachi kakale, kuchiumitsa mpaka gwaa, nkuchikhazika pa hotipuleti mphindi makumi awiri, mphika wa mtovu ndikuusunga cha m'ma 380 madigiri. Apo zinayamba kugwa zosalala, m'mphepete mwakuthwa. Koma aluminiyamu ndi wa mtima wapachala, amatentha msanga amazizira msanga, ndipo ndi chipolopolo chachikulu chonchi ukathamanga kwambiri chimapitirira kutentha, ukadula pamwamba mtovu usanagwire umapakika pa kachitsulo kodulira ka pamwamba pa chikombole. Umafunika kuwerenga mumtima, kuthira, kudikira kadontho ka pamwamba kasinthe mtundu, kudula, kutsegula. Ukaigwira nyimbo yake zimangoyenda.

Chokhumudwitsa chenicheni ndi sikuluwu ya kachitsulo kodulira, imamasuka yokha pakapita kanthawi, ndiye umangoona matako a zipolopolo ayamba kutuluka ndi tindevu. Pano sikuludiraiva imakhala pambali pa mphika nthawi zonse. Bowo limodzinso limakakamira, mpaka ugogode pa hinji ya zogwirira ndi kamtengo. Pa hinji, osati pa chikombole penipeni, mungachiphe.

Za mtovu ndinalakwitsa ndekha. Ndinkaganiza kuti cholimba ndiye chabwino, ndinayamba ndi timitovu tija amamata m'marimu a galimoto, ndikumaziponya m'madzi kuti zilimbe. Pa liwiro lotsika chonchi palibe chifukwa, cholimba kwambiri sichitseka bwino mumpope wa mfuti, mpweya wotentha umadutsa m'mbali nkumasiya mtovu mkati, kutsuka kwake ndi chilango. Pano ndimasakaniza magawo 20 a mtovu ndi gawo limodzi la tini, kulimba kwake kumakhala cha m'ma 10 pa sikelo ya Brinell yoyezera kulimba kwa zitsulo, mtovu wokhawokha paja uli pa 5. Tini amathandizanso kuti mtovu udzaze m'makona. Amene mukutolabe ta m'marimu samalani, tambiri masiku ano ndi ta zinki, mtovu umasungunuka pa madigiri 327 zinki pa 419, mukaona kena kakuyandama osasungunuka kachotseni msanga, kakalowerera mphika wonse umasanduka phala losathirika.

Kukula kwake ndiye ndawapatsa ulemu. Zipolopolo zimatuluka zonenepa .460 ya inchi mabowo onse awiri, ndipo ndikayeza pa sikelo kusiyana kwake sikumapitirira ma grain awiri ndikakhala kuti ndagwira kutentha bwino. Musanagule yezani kaye mpope wanu, kankhanimo kamtovu kofewa nkukayeza, chipolopolo chikhale chokulirapo ndi .001 kapena .002 ya inchi. Ine ndimazipaka penti ya ufa ija nkuziika mu uvuni wakale pa madigiri 200 mphindi 20, uvuni woti suphikiranso chakudya eti, kenako ndimazidutsitsa mu sayiza, kachipangizo kozifinya kuti zikhale pa muyeso woyenera. Ndinasankha dala chopanda gas check chifukwa ka kapu kaja kakhoza kuvuka mkati mwa sayilensa, chochepetsa phokoso cha kukamwa kwa mfuti, ndipo girisi wa zipolopolo wachikale amadetsa sayilensa koopsa. Penti yachepetsa zonsezo ngakhale kumasula nkutsuka sikuthawika.

China choti muganize ndi kutalika. Chipolopolo cholemera chimakhala chachitali, ndipo chachitali chikamayenda pang'onopang'ono chimafuna mizere ya mumpope yozungulira mwachangu kuti chisagubuduke. Ya mfuti yanga imazungulira kamodzi pa mainchesi 20 ndipo zikulowa papepala mabowo ozungulira bwino, koma yesani kaye popanda sayilensa, mukaona bowo lagona chammbali imani pompo, chikagunda mkati mwa sayilensa mulira. Mu mfuti ya liva, ija umakoka chogwirira cha pansi kuti chipolopolo chilowe, zinkakodwa polowa chifukwa cha mphuno yotakatayo mpaka ndinazikhazika mozamirako pang'ono, ndipo mukatero muyeso wa wonga umasinthanso. Muyeso wanga sindilemba pano, tengani m'buku la opanga wonga, chifukwa mukachepetsa mwachisawawa chipolopolo chimaima pakati pa mpope, chachiwiri chikabwera ndi ngozi.

Kutchire ndaombera nazo nguluwe zingapo, zonse pafupi, mayadi 40 mpaka 70. Ina yaimuna ndinailasa paphewa ili chammbali, kunangomveka phwii kwa mfuti kenako dii chikumenya, inayenda masitepe ochepa nkugwa, bala lotulukira chala chachikulu chimalowa. Koma musanamizidwe kuti ndi matsenga, chipolopolochi chimatsika ngati mwala. Ndikalinganiza cholozera cha mfuti pa mayadi 50, pofika 100 chatsika pafupifupi mainchesi 7, ndiye usiku ukaphonya kuyeza mtunda walasa mwendo. Chimadutsanso nyama nkupitirira ulendo, ndiye kuseri kwake kuzioneka bwino. Onaninso malamulo a komwe mukusaka, ku California mwachitsanzo kusaka ndi zipolopolo za mtovu kunaletsedwa kwathunthu kuyambira 2019, ndipo sayilensa sikonse amalola.

Kodi ndingagulenso? Eee, koma ulendo wina nditenga cha mkuwa wa brass chifukwa chimasunga kutentha, ngakhale chimalemera pa dzanja. Poumba khalani panja kapena pamalo popita mphepo, magalasi kumaso, magulovu, osadya pamenepo, ndipo chinthu chonyowa chisalowe mumphika. Ine ndinaponyamo chipolopolo chimodzi chomwe chinali chisanaume bwino, mtovu unathovokera mpaka kudenga, mabanga ake alipobe.