Wallpaper yathu itapyola dzinja ndi chiperoni

Amene anaona pabalaza pathu titangomata wallpaper, pepala lokongoletsera khoma, ankandifunsa chinthu chimodzi: kodi ikhalitsa? Nthawi imeneyo ndinalibe yankho. Pano yapyola kutentha kwa Okutobala, mvula yonse ya dzinja, komanso chiperoni cha kuno ku Blantyre, ndiye ndikhoza kunena zimene maso anga aona.

Tinagula mitundu iwiri. Pabalaza tinamata ya vinyl, yokutidwa ndi pulasitiki, yokhuthala, yofuna guluu wa ufa wosungunula m'madzi. Mpukutu wake ndi masentimita 53 m'lifupi ndi mamita 10 m'litali. Khoma lathu poti ndi lotalika mamita 2.6, mpukutu umodzi unkatipatsa zidutswa zitatu basi, zotsala n'kuthera pokumanitsa maluwa. Kuchipinda kwa ana tinaikako yotchipa ija, yomata yokha, yongosenda pepala lakumbuyo.

Khoma la m'kati, lolekanitsa pabalaza ndi kolido, likuoneka ngati tamata dzulo. Polumikizira sipanatseguke, palibe thovu, palibe posupuka. Ndipo ndikudziwa chifukwa chake. Nyumbayi tinaipeza yopakidwa laimu, moti ukasisita khoma chikhatho chinkayera mbuu. Guluu pa laimu sagwira khoma, amagwira fumbilo, ndipo fumbi likalekana ndi pulasitala pepala limapita nalo. Mmisiri wathu, bambo wachikulire wosapupuluma, anakaniratu kutsegula mpukutu asanapale laimu yenseyo. Anapala, tinatsuka, anatseka ming'alu ndi mabowo a misomali ndi filler, anakwecha ndi sandipepa, kenako anapaka primer, penti yoyamba yokonzera khoma, n'kuisiya iume. Ntchito yokonza khomayi inadya nthawi yambiri kuposa kumata kwenikweniko, ndipo ndalama zake sindizidandaula ngakhale pang'ono. Chidutswa choyamba sanachiyezere pa kona, poti makona a nyumba zathuzi nthawi zambiri sakhala owongoka. Anamangirira kamwala ku chingwe, n'kulemba mzere pakhoma. Lero ndikayang'ana maluwawo kuchoka pakhomo mpaka pa windo, sakutsetsereka.

Khoma la pabalaza limene kuseri kwake ndi panja ndi nkhani ina, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna anzanga mumvetsetse. Linakonzedwa chimodzimodzi, ndi manja omwewo, guluu yemweyo. Mpaka Disembala linalibe vuto. Mvula itakhazikika mu Januwale, m'munsi chapafupi ndi simenti munayamba kufufuma. Nditakweza pepalalo pang'ono ndinapeza timadontho takuda ta nkhungu ndi ufa woyera ngati mchere. Madzi ochoka pa malata ankagwera m'mbali mwa maziko n'kudikha pomwepo, njerwa n'kumayamwa kuchokera pansi. Khoma lopanda chophimba limauma lokha dzuwa likawala, koma vinyl salola nthunzi kutuluka, choncho chinyezi chonse chinkatsekeredwa kuseri. Tinamata m'chilimwe khoma lili gwa, ndiye panalibe chotichenjeza. Amene simunamate, matani kapepala ka pulasitiki m'munsi mwa khoma ndi selotepi, mbali zonse zinayi, mukasiye masiku angapo, makamaka nthawi ya mvula. Mukapeza timadzi kuseri kwake, khomalo si la wallpaper mpaka mutathana ndi madziwo. Ngati pulasitala ndi watsopano, mupatseni masabata angapo aume kaye.

Ya kuchipinda kwa ana sindidzagulanso. Kutentha kutafika pachimake, guluu wake anafewa, makona akumwamba n'kuyamba kulendewera. Polumikizira panatsegukanso timipata, fumbi n'kukakamira pa guluu woonekerayo, mizere yakuda kuchoka kudenga mpaka pansi. Ana nawo akaona kansonga kotukuka sangakasiye. Ndi yopyapyala kwambiri, moti kamchenga kalikonse ka m'pulasitala kamaonekera. Pa chitseko cha kabati ndi pa thabwa losalala yagwira bwino mpaka lero, ndipo ndikuona kuti malo ake ndi amenewo. Inu a lendi, musanyengeke ndi mawu oti imachoka mosavuta: pamene ndinaisenda inazula penti, ndipo eni nyumba sangakumvereni.

Pa kasamalidwe, vinyl ndamukonda. Zala za ana, tiyi, ngakhale mwaye wa kandulo magetsi akazima, zonse zimachoka ndi kansalu konyowa ndi sopo pang'ono. Osakwecha mwamphamvu, makamaka polumikizira. Mbali imene dzuwa la masana limalowera pa windo yafwifwa pang'ono, koma mlendo sangazindikire. M'chiperoni ndinkaopa kuti mpweya wonyowa uja utukula m'mphepete. Sizinachitike, bola kutsegula mawindo m'mawa.

Chinatipulumutsa china n'choti tinagula mpukutu umodzi wapadera, wa nambala ya batch (gulu la mipukutu yopangidwa nthawi imodzi) yofanana ndi inayo. Mipukutu ya maluwa amodzi koma batch yosiyana imasiyana mtundu pang'ono, ndipo pakhoma kusiyanako kumaoneka. Panopa tasenda pepala la m'munsi mwa khoma lakunja lija kuti njerwa ziume chilimwe chino. Kunja taika gatala pa malata ndipo tikuwaka simenti yotsetsereka m'mbali mwa maziko kuti madzi azithawa nyumba. Mpukutu wapadera uja ukhalabe m'kabati mpaka khomalo litapyola dzinja lina lili louma.