Davidson, Kumar kapena Harrison? Ine ndinayamba ndi kugula lolakwika

Funso ili limabwera chaka chilichonse ophunzira udokotala akangoyamba kulowa m'mawodi, nde ndati ndingolemba kamodzi m'malo momayankha mmodzimmodzi. Buku liti la medicine loti munthu ugule? Langa ndi Davidson's Principles and Practice of Medicine kuti lizikhala patebulo, kenako kabuku ka Oxford Handbook of Clinical Medicine kazikhala m'thumba la koti, basi. Koma poti ine ndalama yanga yoyamba ndinaiponya pa buku lina, mundilole ndifotokoze mmene ndinafikira pamenepa.

Ndinagula Harrison's Principles of Internal Medicine. Chifukwa chake? Ndinkafuna anthu azindiona kuti ndine serious, palibenso china. Bukuli ndi lachikale, linatuluka koyamba mu 1950 pansi pa Tinsley Harrison ku America, ndipo pano limabwera m'mavoliyumu awiri, masamba pafupifupi 4000 a tizilembo ting'onoting'ono. Anthony Fauci uja tinkamuona pa TV nthawi ya COVID-19 wakhala mmodzi mwa akonzi ake kwa zaka zambiri. Nde ine ndinkati ndikawerenga limeneli palibe consultant angandigwetse pa raundi. Zinachitika n'zoti ndinakhala masiku atatu pa chaputala chimodzi cha mtima, ndikudziwa bwinobwino zimene zimachitika mkati mwa selo ya minofu ya mtima ikayamba kufooka, koma atandiimika pambali pa bedi n'kundifunsa kuti mayi awa akubanika, miyendo yatupa, upanga chiyani pompano, ndinangoti kukamwa yasa. Mnzanga amene ankawerenga kabuku kam'thumba anayankha bwinobwino kuti akhazikeni tsonga, oxygen, furosemide wochotsa madzi m'thupi, kenako tifufuze chayambitsa. Zinandiwawa heve tsiku limenelo.

Sikuti Harrison ndi buku loipa ayi, musandimve molakwa. Ukafuna kumvetsa chifukwa chimene nthenda imachitira zimene imachitazo, palibe lina mwa awa lingafikepo, komanso gawo lake la kumayambiriro lofotokoza zizindikiro ngati kutentha thupi, kupweteka pachifuwa ndi chizungulire ndi labwino zedi. Kungoti si buku loyambira. Ndi loti uzikalipeza ku laibulale pamene wakumana ndi peshenti amene wazunguza aliyense, kapena wapatsidwa presentation, kapena wayamba maphunziro a ukatswiri wa internal medicine. Wa chaka chachitatu amene mayeso ali masabata asanu kutsogoloku lingomumiza.

Njira imene ndinadzasankhira pambuyo pake ndi imene ndimauza aliyense. Osawerenga mawu oyamba, osayang'ana kukongola kwa chikuto. Tenga mutu umodzi umene umakusokoneza, uwerenge m'mabuku onsewo tsiku limodzi, kenako utseke n'kudzifunsa kuti ndi liti landisiya ndikudziwa chochita. Ine ndinatenga hyponatraemia, kuchepa kwa sodium m'magazi, poti ndi chinthu choti umakumana nacho pafupifupi tsiku lililonse pawodi koma ambiri timangochilambalala. Sodium watsika pansi pa 135, nde pali mafunso oti uyankhe motsatana: kodi munthuyu madzi amuthera m'thupi monga wotsegula m'mimba kapena womwa ma diuretic (mankhwala okodzetsa), kodi madzi amuchulukira monga wa mtima wofooka kapena chiwindi choonongeka, kapena ali pakatikati zomwe zimakupangitsa kuganiza za SIADH, vuto limene homoni ya vasopressin imachulukira n'kumachititsa thupi kusunga madzi. Ndiye pali ngozi ija yoti ukamukweza sodium mothamanga, kupitirira pafupifupi 10 pa maola 24, utha kumuononga ubongo mpaka kalekale. Harrison anandiyambira kutali kwambiri, vasopressin, timachubu ta mu impso, zonse zoona komanso zokoma koma pofika pa chochita ndinali nditatopa. Oxford Handbook inandipatsa ka flowchart koti ndikhoza kutsatira 2 koloko usiku koma osandiuza bwino chifukwa chake. Davidson anandipatsa zonse ziwiri pa mlingo woti mutu wanga unanyamula. Kumar anali pafupi kwambiri, ndinena za iye posachedwa.

Davidson linayamba mu 1952, linachokera ku manotsi amene Sir Stanley Davidson ankaphunzitsira ophunzira ake ku Edinburgh, ndipo mpaka pano ukamawerenga umamva kuti linabadwa ngati buku lophunzitsira osati losungiramo chilichonse chimene anthu akudziwa. Edishoni ya 23 inatuluka mu 2018, ya 24 mu 2022. Chimene chinandigwira mtima ndi kayalidwe ka machaputala ake, pafupifupi onse amayenda njira imodzi. Kumayambiriro kuli chithunzi cha munthu chosonyeza zoti uyang'ane pomupima, manja, maso, khosi, mpaka kumapazi. Kenako anatomy ndi physiology yochepa yokwanira kukukumbutsa, kenako ma investigation, kenako gawo limene kwa ine ndi mtima wa bukuli, la ma presenting problem. Apa ndi pamene pali nkhani. Peshenti sabwera n'kunena kuti adokotala ndili ndi pulmonary embolism. Amabwera akuti ndikubanika, kapena maso achita chikasu, kapena mkodzo ukutuluka ndi magazi, kapena abale amangoti wakomoka m'mawa uno sakuyankhula. Buku limene limayambira pa dandaulo n'kumakuyendetsa mpaka pa dzina la nthenda likukuphunzitsa ntchito yeniyeni imene uzikagwira, pomwe loyambira pa dzina la nthenda likuganiza kuti wina wakuuza kale yankho. Matenda enieniwo amabwera pambuyo, aliwonse ndi chiyambi chake, zizindikiro, kayezedwe ndi chithandizo.

Timabokosi take nato ndi tothandiza, makamaka tonena za okalamba ndi amayi oyembekezera. Ndi mmene ndinagwirira mfundo yoti agogo akhoza kukhala ndi chibayo choopsa thupi osatentha n'komwe, iwo kungosokonezeka mutu basi, kapena mtima kuwagwira popanda kupweteka pachifuwa makamaka ngati ali ndi shuga. Zinthu ngati zimenezi ukaziwerenga pakati pa ndime yaitali zimasowa, koma zikakhala pa bokosi pazokha zimakanirira. Chizungu chakenso n'chosavuta, chiganizo umachiwerenga kamodzi n'kumva, zomwe si nkhani yaing'ono kwa ife amene chizungu tinachita kuphunzira.

Zolakwika lili nazo. Ndi lolemera, masamba opitirira 1000, sungayende nalo pa raundi pokhapokha ukufuna msana uzikupweteka. Pena limadula nkhani pamene iwe wayamba kumva kukoma, makamaka pa matenda osowa, nde umakakamizika kukatsegula lina. Dermatology, psychiatry ndi maso zilimo koma n'zongolawitsa, osadalira zimenezo pa rotation yake. Ana, opaleshoni ndi uchembere musayembekezere, amenewo ndi mabuku ena. Komanso linalembedwa ndi maso a ku UK, nde likamati chitani CT scan kapena yezani chakutichakuti limangoganiza kuti makinawo alipo ndipo zotsatira zibwera lero lomwe. Gawo la matenda opatsirana ndi labwino kuposa mmene ndinkaganizira, malungo, TB, HIV, likodzo zonse zilimo, komabe ngati mukugwira ntchito kumene matenda amenewa ndi amene adzaza wodi, onjezerani Oxford Handbook of Tropical Medicine, ndipo Manson's Tropical Diseases muzikaliona ku laibulale.

Kumar and Clark's Clinical Medicine tsopano. Apa ndi pamene anthu amakangana mpaka kutukwanizana, koma kunena zoona Kumar ndi Davidson ali ngati mapasa, zomwe zili umu zilinso umo. Parveen Kumar ndi Michael Clark analitulutsa koyamba mu 1987 ku London, ndipo edishoni ya 10 ya mu 2020 inakonzedwa ndi anthu ena atsopano ngakhale dzina silinasinthe. Kwa ine Kumar ali ndi tsatanetsatane wochulukirapo pang'ono ndipo tsamba lake ndi lothinana, mfundo pamwamba pa mfundo, pomwe Davidson amakupatsa mpata wopuma. Ndili ndi anzanga anzeru kundiposa amene amalumbirira Kumar, makamaka pa za m'mimba ndi chiwindi, mwina poti Kumar mwiniwakeyo ndi katswiri wa zimenezo. Nde ngati mwayesa njira ija ya mutu umodzi n'kupeza kuti Kumar ndi amene akukulowani, tengani ameneyo osacheukanso. Chimene ndikukanizani ndi kugula onse awiri. Ndinaona anthu akuwerenga theka la chaputala uku theka uko, mapeto ake sanamalize olo limodzi, ndipo pa mayeso amakumbukira mtundu wa tebulo koma osakumbuka zimene zinali m'tebulomo.

Oxford Handbook ija yachikasu, yoyamba inatuluka mu 1985, ndi chinthu china. Mutu uliwonse uli pa tsamba limodzi kapena awiri oyang'anizana, kumapeto kuli gawo la ma emergency, ndipo usiku wanga woyamba pa call ndinalitsegula kangapo ndili pakona kuti anesi asandione. Anandiona ndithu, mmodzi anangoseka n'kuti werengani adokotala, bola kuwerenga kusiyana ndi kulota. Vuto lake ndi loti ladzaza ndi zidule ndi timivi toloza m'mwamba ndi pansi, nde ngati nkhaniyo sunaimvetse kale kwina umangoloweza ngati nyimbo. Ndi kabuku kokumbutsa munthu zimene anaphunzira, sikophunzitsa kuyambira pa ziro. Muli tinkhani tina ta filosofi ndi ndakatulo tomwazikana m'katimo, ena timawanyansa ati tikudya malo, ine pena ndinkatiwerenga pamene wodi yakhala phee.

Pa za kupima wodwala ndingonena mwachidule, pezani Macleod's Clinical Examination kapena Hutchison's Clinical Methods limene lakhalapo kuyambira 1897, lililonse mwa awiriwa likwanira. Davidson sangakuphunzitseni kagwiridwe ka ndulu kapena kapamba wotupa ndi manja anu.

Nkhani ya edishoni yakale ndi imene anthu amandifunsa kwambiri poti mabukuwa ndi odula. Physiology sisintha, zizindikiro za mitral stenosis ndi zomwe zija za makolo athu, nde buku lotsalira ndi edishoni imodzi likhoza kukutumikirani bwinobwino. Chimene chimakalamba msanga ndi chithandizo. Ine ndinabwerekapo kope lakale kwambiri n'kukayankha monyadira kuti malungo aakulu timayamba ndi quinine, consultant anangondiyang'ana n'kufunsa kuti buku lako ndi la chaka chanji. Kafukufuku wamkulu wa AQUAMAT wa mu 2010 anasonyeza kuti artesunate amapulumutsa ana ambiri kuposa quinine, ndipo malangizo anasintha. Zitsanzo zilipo zambiri. Mu 2015 WHO inati aliyense wopezeka ndi HIV ayambe ma ARV osadikira CD4 kutsika. Tanthauzo la sepsis, pamene infection yayamba kuononga ziwalo za thupi, linasinthidwa mu 2016. Hepatitis C amene kale ankafuna jakisoni wa interferon kwa miyezi yambirimbiri pano amachizika ndi mapilitsi pa masabata 8 mpaka 12. Mankhwala ngati dapagliflozin amene tinkawadziwa kuti ndi a shuga pano akuperekedwanso kwa a mtima wofooka olo alibe shuga. Buku la 2014 silingakuuzeni za COVID-19 n'komwe. Nde olo mutagula latsopano lonunkhira inki, dozi ya mankhwala musamatenge m'buku lalikulu, tengani mu formulary (buku la mankhwala ndi madozi ake) ngati BNF ya ku UK ndi ma guideline a dziko limene mukugwiramo ntchito, chifukwa buku limatenga zaka kulembedwa ndipo pofika m'manja mwanu zina zasuntha kale.

Kanthu kena kamene palibe anandichenjeza: mabuku a ku America ndi a ku UK sayankhula manambala ofanana. Harrison amakonda mg/dL, Davidson ndi Kumar amayendera mmol/L. Shuga wa 90 kwa wina ndi 5 kwa mnzake, umagawa ndi 18. Creatinine (amene timayezera impso) wa 1 mg/dL ndi pafupifupi 88 micromol/L. Mayina a mankhwala nawonso, paracetamol ku America amati acetaminophen, salbutamol amati albuterol, adrenaline amati epinephrine. Onani kaye pepala la zotsatira la ku labu ya chipatala chimene mukuphunzirira kuti limalemba ziti, komanso mayeso amene mukufuna kudzalemba, poti wokonzekera USMLE ya ku America ndi wokonzekera PLAB kapena MRCP ya ku UK sakuyenda msewu umodzi.

Za PDF pa foni, ndili nawo ngati wina aliyense, ndipo pofufuza liwu limodzi mwachangu ndi abwino. Koma kuwerenga chaputala chonse cha impso pa foni ine zinandikanika, uthenga umalowa, kenako wapezeka uli kwina. Makope atsopano ambiri amabwera ndi code yotsegulira e-book, nde ngati mukugula lakale funsani ngati code-yo sinagwiritsidwe kale ntchito. Samalaninso ndi makope ojambulidwa mwachinyengo, zithunzi za khungu ndi ma blood film zimatuluka zakuda bii, rash iliyonse imaoneka chimodzimodzi.

Davidson wanga pano chikuto chinathothoka, ndinachimata ndi tepi, ndipo chaputala cha impso chadzaza ndi zolemba zanga za pensulo m'mbalimu moti wina atabwereka anabweza tsiku lomwelo ati sakuona bwino. Harrison uja akadali pashelefu woyera ngati watsopano. Ndinamutsegula mwezi watha titalandira mnyamata wa potassium wotsika amene sankakwera olo timupatse bwanji, ndipo yankho ndinalipeza mmenemo, voliyumu yoyamba.