Action yopangidwa mwapadera ya mfuti yowombera patali: bolt ndi yosalala, koma simvana ndi fumbi

Ndemanga iyi ndi ya action yokha, chitsulo chapakati pa mfuti chimene bolt (chitsulo chokankhira chipolopolo mu mpope n'kutseka kumbuyo kwake) imayendamo ndiponso pomwe pamamangidwa mpope, trigger ndi scope. Mpope ndi chassis (chimango chogwirira mfuti chimene action imakhalamo) ndinagula padera. Yangayi ndi yaifupi, yachitsulo chosachita dzimbiri, ndipo kunja kwake inatsata miyeso ya Remington 700, mfuti imene inatuluka mu 1962 ndipo mpaka pano opanga ma action apadera ambiri amatengerabe kukula kwake ndi malo a zomangira zake. Bolt ili ndi mano awiri otsekera, chogwirira chimakwera madigiri 90, ndipo thupi la bolt analikuta ndi DLC, chokutira cholimba komanso choterera. Ndinayamba ndi mpope wa zipolopolo za mtundu wa 6.5 Creedmoor, kenako ndinaika wa 6mm Creedmoor. Ndawombera nayo pa pepala la pa mamita 100 ndi pa zandamale zachitsulo mpaka mamita 1,000, pa dzuwa ndi pa mvula pomwe.

Aliyense akaiona amayamba ndi funso limodzi: kodi ikulasa bwino kuposa mfuti wamba? Inde, koma pang'ono, ndipo ulemu wonse sungapite kwa action. Zipolopolo zisanu zimaunjikana pamalo osakwana theka la MOA (muyezo wa ngodya umene owombera amagwiritsa ntchito), pafupifupi masentimita 1.5 pa mamita 100. Ndaonapo mfuti zogula zopangapanga kale zikuchita chimodzimodzi mmisiri wodziwa ntchito ataziika mpope wabwino. Kulasa kumachokera ku mpope, chamber (kachipinda ka kumbuyo kwa mpope momwe chipolopolo chimakhala), zipolopolo, kukhazikika kwa action mu chassis, ndi munthu amene wagona kumbuyo kwa mfutiyo. Chimene action iyi inandipatsa n'chakuti inabwera itawongoka kale: nkhope yake ndi yosalala, mazinga omangira mpope ali pakati penipeni, ndipo mano onse awiri a bolt amagunda mofanana, choncho sipanafunikenso mmisiri woti aisemenso. Ngati zipolopolo zanu zikumwazikana, yambani mwafufuza mpope, zipolopolo ndi kagwiridwe kanu, chifukwa action yatsopano siingakonze zimenezo.

Pamene ndimaonera ndalama yanga ndi pa kayendedwe ka bolt, ndipo apa ndiye pali nkhani. Pa mipikisano yonga ya Precision Rifle Series ya ku United States, nthawi zambiri munthu amapatsidwa masekondi 90 kapena 120 kuti awombere zipolopolo pafupifupi 10, uku akusinthasintha malo, mfuti itatsamira pa kathumba ka mchenga pamwamba pa mpanda kapena thanthwe. Pamalo otere mfuti imangokhala m'malere. Bolt ikakhala yolimba poikweza, mfuti yonse imapendekeka, chandamale chimachoka mu scope, ndipo mumataya nthawi kuchifunafuna. Iyi ndimaikweza ndi zala ziwiri, diso lili mu scope, tsaya lisanachoke pa chassis. Ndimaona pamene chipolopolo chagwera, ndimakonza za mphepo, n'kuwomberanso mphepoyo isanasinthe. Ngakhale nditakankha chogwirira mopendeketsa chifukwa chofulumira, bolt siikakamira panjira. Ichi chokha chawonjezera zandamale zimene ndimalasa kuposa kusiyana kulikonse kwa pa pepala.

Anzanga ena amakonda bolt ya mano atatu yokwera madigiri 60 poti dzanja siliyandikira scope. Ndinaiyesa ndipo ndi yachangu ndithu, koma ntchito yokoka sipuling'i ya firing pin (kamsomali komenya kumbuyo kwa chipolopolo kuti chiphulike) imachitika pa mtunda waufupi, choncho imalemererapo poikweza. Kwa ine 90 ndi yabwino, ngakhale kuti scope yaikulu ikakhala yotsika chala chachikulu chimaikhudza.

Chachiwiri chimene sindingafune kusiyana nacho ndi kusintha mpope ndekha. Opanga amasunga miyeso ya action iliyonse mofanana kwambiri moti mpope wa prefit umabwera chamber ndi mazinga zitasemedwa kale, inu n'kungomanga. Zimenezi n'zofunika chifukwa 6mm Creedmoor imatha mpope msanga, kawirikawiri cha m'ma 2,000 kapena osafikako, pamene .308 Winchester imatha kupitirira 5,000. Kale zinkatanthauza kutumiza mfuti yonse kwa mmisiri n'kudikira. Pano ndimagwiritsa vise (chopanira) ya mpope ndi sipanala yake ya action, ndipo ntchito imatha tsiku lomwelo. Komabe musawombere musanayeze headspace (mpata umene chipolopolo chimakhala nawo bolt ikatsekedwa) ndi tizitsulo tiwiri toyezera, go gauge ndi no-go gauge: bolt itseke pa yoyambayo, ikane pa yachiwiriyo. Dziwaninso kuti kufanana ndi Remington 700 n'kwa kunja kokha. Mkati action iliyonse ili ndi miyeso yakeyake, ndipo prefit ya kampani ina siingalowe bwino pa action ya kampani ina ngakhale mazinga atagwirana.

Rail (pomangira scope) ndi recoil lug (kachitsulo kotchinga action kuti isasunthe mu chassis mfuti ikalira) anazisema kumodzi ndi action, si zomangirira. Palibe sikuluwu yoti imasuke, ndipo rail yapendekeka ndi 20 MOA kuti scope isathe mphamvu yokwezera pa mamita 1,000. Kuipa kwake n'kwakuti mukadzafuna kupendekeka kwina simungasinthe, komanso khomo lotulukira zigoba ndi lochepa. Kuika chipolopolo chimodzi ndi dzanja kapena kutokosa chigoba chimene chagona mkati kumafuna zala zing'onozing'ono. Extractor (kachala kokokera chigoba kunja) imagwira chipolopolo chikangotuluka m'magazini, nzeru yochokera ku mfuti za Mauser, ndipo ejector (yoponyera chigoba kunja) ndi yoima chilili, yopanda sipuling'i pa nkhope ya bolt. Mukakoka pang'onopang'ono chigoba chimagwera pafupi ndi dzanja, mukakoka mwamphamvu chimaulukira kutali. Amene amathiranso onga m'zigoba zawo adzachikonda chimenechi, chifukwa zigoba sizitayika m'udzu.

Tsopano fumbi. Kusalala konse kuja kumachokera pa mpata wochepa kwambiri pakati pa bolt ndi njira yake, ndipo mpata womwewo ndiye vuto. Tsiku lina lamphepo, pa bwalo la dothi louma, bolt inayamba kukhakhala, kenako inalimba ngati chitseko chotupa ndi mvula, moti ndinkachita kuimenya ndi chikhatho kuti ibwerere m'mbuyo. Pambali panga panali munthu wa mfuti wamba imene bolt yake imagwederagwedera, ndipo yake inagwira ntchito mpaka madzulo osadandaula. Zinandiwawa, chifukwa mfuti yowombera patali imakhalira panja, ndipo wopanga aliyense akudziwa kuti panja pali fumbi. Oilo akakumana ndi fumbi losalala amasanduka matope amene amadzaza kampata kaja. Chimene chimathandiza ndi kusiya thupi la bolt louma, DLC imalola zimenezo, n'kupaka girizi pang'ono chabe kumbuyo kwa mano otsekera ndi pamene bolt imakokera firing pin. Ndimayendanso ndi kansalu ndi kaburashi, ndipo mfuti ikakhala pansi ndimaiphimba. Vutoli lachepa koma silinatheretu, ndipo kapepala kamene kanabwera m'bokosi sikanatchule chilichonse za fumbi.

Trigger nayo inandivutitsa poyamba. Amati trigger iliyonse ya mtundu wa Remington 700 imalowa, ndipo imalowadi, koma kulowa si kugwirizana. Imene ndinaika inkachititsa kuti bolt igunde kenakake potseka, chifukwa malo amene trigger imagwirira firing pin anali asanalingane ndi pamene bolt imaisiyira. Pa benchi simungadandaule nazo, koma mfuti ikakhala pa kathumba kugunda kumeneko kumaikankhira kutsogolo. Action yangayi ili ndi kachitsulo kopachikira trigger kamene kamasinthidwa, ndipo nditaika ka muyezo wina bolt inayamba kutseka mwakachetechete. Pamenepa pamafunika kusamala, chifukwa mukapitirira muyezo firing pin imayenda mtunda wochepa ndipo primer (kabatani koyatsira onga kumbuyo kwa chigoba) siimenyedwa mofanana nthawi zonse.

Magazini ndi a mtundu wa AICS, umene unayambitsidwa ndi kampani ya Accuracy International. Amene ndinali nawo ankakhala motsika pang'ono mu chassis, choncho nthawi zina bolt inkadutsa pamwamba pa chipolopolo osachitenga. Kukweza kachitsulo kokolera magazini kunathetsa zimenezo. Mlandu si wa action yokha, koma ndi mmene zimakhalira mukamanga mfuti ndi zida za makampani osiyanasiyana: zikapanda kumvana, aliyense amaloza chala mnzake ndipo wofufuza ndinu.

Kudikira kunali kwa miyezi, kupitirira imene anandiuza poitanitsa. Zida zing'onozing'ono monga extractor ndi sipuling'i ya firing pin zimapezeka kwa wopanga yekha, choncho itanitsani zapadera pamodzi ndi action. Pa mtengo sindibisa, action yokha yopanda mpope, trigger kapena chassis imatha kudya ndalama yokwana mfuti yathunthu yabwino. Munthu amene angoyamba kumene kuwombera patali ndingamulangize kuti ndalama imeneyo aike ku scope yabwino ndi zipolopolo zambiri zophunzirira kuwerenga mphepo. Amene akupikisana kale, amene akutha mipope ndipo watopa kudikira amisiri, ameneyo ndiye adzapindula nayo, ndipo ine ndili m'gulu limeneli.

Ndikadzaitanitsa ina ndidzafunsa wopanga za mpata wa bolt ndisanalipire, chifukwa ena amapanga mitundu iwiri, yothina ya owombera pa benchi ndi yomasukirapo ya owombera panja. Ndidzasankha yomasukirapo, yokhala ndi mizere yosemedwa pa thupi la bolt kuti fumbi lizipeza pothawira, ndipo ndidzawauziratu trigger imene ndidzaike kuti atumize kachitsulo kopachikira koyenera.