Mankhwala a chiswe a deliya ndi lantana: amathamangitsa, koma chulu sachigonjetsa

Chigubu cha malita 5 cha mankhwala a chiswewa ndinachigula kwa amayi ena pamsika wa ku Ulónguè, m'boma la Angónia ku Mozambique, ndipo mtengo wake sunafike n'komwe pa wa mankhwala a m'sitolo. Sanabise kapangidwe kake. Amasinja masamba a deliya ndi a lantana (chitsamba cha timaluwa tamitundumitundu), kuwaviika m'madzi usiku wonse, kusefa ndi nsalu, n'kuthiramo sopo pang'ono kuti mankhwalawo azimatirira. Madzi ake ndi obiriwira moderako, fungo lake lowawa, ndipo akakhalitsa m'chigubu amayamba kununkha.

Pa nsanamira za nkhokwe andigwirira ntchito. Ndinayamba ndapala dothi lomwe chiswe chinamata, n'kupaka mankhwala mpaka mtengo kunyowa, otsala n'kuthira pansi mozungulira. M'chilimwe chonse tinjira tadothi tija sitinakwerenso. Mbande zanga za bulugama, zomwe chiswe chimakonda kudula kumizu zikangookedwa, zambiri zinapulumuka.

Vuto ndi dzinja. Mvula ya kuno ku Angónia ikagwa kawiri katatu, mankhwala onse amakokoloka, chiswe n'kubwerera. Pamafunika kuthira mobwerezabwereza, ndipo m'munda wa chimanga chigubu chimodzi sichifika patali. Pachulu musataye nthawi. Make chiswe amakhala pansi penipeni akuikira mazira, madzi a masambawa samufika. Amayi aja ananena kuti "amapha", koma ine ndaona kuti amangothamangitsa. Kunena zoona sindidandaula kwambiri, chifukwa chulu chomwecho n'chimene chimatipatsa ngumbi mvula ikayamba.

Chondisangalatsa n'chakuti zomera ziwirizi ndi zachilendo zosautsa. Deliya anachokera ku Mexico ndi ku Central America, lantana nayenso kumaiko a ku America, ndipo zonse zadzaza m'mphepete mwa misewu, kupitikitsa udzu wa ziweto. Kuzidula n'kupangira mankhwala ndi phindu pawiri. Koma musadzale zina dala, makamaka lantana: ng'ombe ikadya masamba ake imawonongeka chiwindi, khungu n'kumasupuka padzuwa. Zinyalala zotsala mukasefa muzikwirira, osataya pafupi ndi khola.

Mankhwalawa ndikuwapatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Amene muli ndi nkhokwe kapena nazale gulani chigubu chimodzi muone mphamvu yake, kenako muzidzipangira nokha, poti deliya ali paliponse. Koma ngati chiswe chalowa kale m'phaso la nyumba, fufuzani mankhwala ena.